Za ku Dedza Sadyera Pawindo la Basi

Anthu ambiri amene amati boma la Dedza amalidziwa, chimene amadziwa ndi mphepete mwa msewu wa M1. Basi ikachoka ku Lilongwe n'kuyenda makilomita pafupifupi 85, imaima pang'ono, ogulitsa n'kuunjikana pamawindo ndi mabeseni a kachewere, kabichi, karoti ndi anyezi. Wina agula ndowa, wina aponya ndalama basi itayamba kale kuyenda, ndipo akafika ku Blantyre amakasimba kuti ku Dedza kumazizira koma zinthu n'zotsika mtengo. Sanama ayi. Kungoti tauni yeniyeniyo sanapondemo. Ili chapambali, m'tsinde mwa phiri lotalika mamita 2,198, ndipo msewu waukulu umangoilambalala.

Ndine mmodzi wa ana a mumzinda amene ankatumizidwa kuno patchuthi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980, kuti tikadziwe kwawo kwa amayi. Mpaka lero ndimabwerabe. Ndikayerekeza maulendo a kale ndi a masiku ano, ndimaona kuti chakudya chachuluka ndipo mtunda wafupika, koma chinthu chimodzi chili momwemo: zokoma za kuno zili m'manja mwa eni dera, ndipo mlendo amazipeza pokhapokha wina atamugwira dzanja. Chimene chasintha ndi wogwira dzanjayo, komanso zimene watsala nazo zoti akuonetse.

Kalata, basi ndi msuweni

Kale ulendo unkayamba ndi kalata. Amayi ankalembera amalume kudzera pa keyala ya sukulu ya pulayimale ya kumudzi, kalatayo n'kukagona pa tebulo la aphunzitsi aakulu mpaka mwana wa m'banjamo ataitenga. Tsiku likakwana, basi ya UTM, ija ya lokolo yoima pamtengo uliwonse, inkakutula padepoti mano akuguguda. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, ndipo m'Malawi muno mulibe tauni ina yokwera kuposa iyi. Mu Juni ndi Julayi chifunga chimatsika m'phiri n'kuphimba nyumba zonse kuti mbuu, madzi a m'ndowa n'kumaluma zala.

Padepotipo unkapeza msuweni akudikira. Ameneyo ndiye anali mtsogoleri wako tchuthi chonse, ndipo malipiro ake anali kukuseka. "Iwe wa m'tauni, vula nsapatozo, kuno zikuchedwetsa!" Chisuweni chimalola zotere. Koma kuseri kwa chipongwe chakecho kunali nzeru zimene sukanazipeza kwina. Iye ankadziwa nyumba imene yaphika thobwa lero, mtengo wa mapichesi umene mwini wake sakalipa, njira yolambalala kudambwe kuti mwana wosameta asakumane ndi zosayenera kuona, ndiponso mawu oyenera kunena ukapeza akuluakulu ali pabwalo. Unkanjuta, kuwomba m'manja, n'kuyankha funso limene linkatsegula makomo onse: "Kodi ndiwe mwana wa yani?" Ukatchula dzina la amayi ako ndi mfunda wawo, mphasa inkayalidwa, mbale n'kutuluka.

Lero kalata inagonja kwa foni. Minibasi kapena Sienta imakutula pamphambano, ndipo usanatsitse phazi lachiwiri anyamata a kabaza akuzinga kale. Asuweni anga ena anatsogola, ena ali ku Joni, ena miyendo inawakana. Choncho wondiyendetsa masiku ano ndi mnyamata wa njinga yamoto amene amanditchula kuti madala. Timayamba tagwirizana mtengo, ndipo ndalama ndimamutumizira pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Za kuti ndine mwana wa yani alibe nazo ntchito. Funso lake ndi lakuti, "Tilowere kuti, madala?" Ndikati tikadye, amandifikitsa pachiwaya. Ndikati ndikufuna nyemba za mumphika wadothi, amakanda kaye m'mutu, kenaka amvekere, "Zimenezo ndiye n'kwa agogo anga." Akatero ndimadziwa kuti tsopano tikupita ku Dedza.

Msika wotsata nyengo

Msika wa kale unkakuuza mwezi usanayang'ane kalendala. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, kunkabwera ngumbi zokazinga ndi mchere, mapichesi ndi masuku. Januwale ndi Febuluwale inali miyezi ya bowa, nkhwani, bonongwe ndi chisoso, komanso inali miyezi imene nkhokwe zinkaoneka pansi. Kenaka kunkabwera zitheba, maungu ndi chimanga chachiwisi, ndipo pofika Epulo kachewere wa mvula ankadzaza msika kuti tho. Anthu akakolola, anyamata ankatulukira ndi mbewa zapampani. M'chilimwe masamba akasowa, amayi ankamasula zikwatu: khwanya, nkhwani kapena chitambe zimene anafutsa n'kuyanika m'masika, zokulungidwa bwino m'masamba a msuku. Mfutso wotendera ndi nsima ya ufa woyera, pa tsiku lotentha la Okutobala, sunkasiya kanthu m'mbale.

Nsomba zinkachokera kunsi, pakuti boma lomweli limatsetsereka mpaka kunyanja, cha ku Mtakataka. Amuna ankakwera nazo chitunda cha Khwekhwerere pa njinga zakapalasa, pokankha pochuluka kuposa popalasa. Ankabweretsa usipa, utaka ndi milamba yowamba, ndipo pobwerera ankamangirira nyemba ndi kachewere. Wakumtunda ankalawa za kunyanja, wakunyanja za kumtunda, popanda galimoto kulowererapo.

Pogula panalibe sikelo. Zinthu zinkagulitsidwa pamulu, pambale kapena pandowa, ndipo ukagula mwaulemu mayi wogulitsa ankaikapo banyira. Kwacha inali idakali yatsopano, italowa m'malo mwa paundi mu 1971, ndipo tambala inkagula chinthu. Zogulazo unkanyamula m'dengu kapena m'pepala la nyuzi. Kusitolo kunali kogula mchere, sopo, shuga ndi palafini basi. Amwenye amene kale ankagulitsa zimenezi m'maboma ndi m'midzi anali akusamukira m'mizinda ikuluikulu potsatira lamulo la boma la m'zaka za m'ma 1970, ndipo malo awo ankatengedwa ndi Chipiku, PTC ndi timagolosale ta eni dera. Chimanga ndi nyemba zotsala pakhomo zinkapita ku ADMARC.

Msika wa lero sudziwa mwezi. Tomato, kabichi, anyezi ndi kachewere zimapezeka chaka chonse, chifukwa anthu analowa m'madimba ndi mapampu, ena n'kupatutsa timitsinje ta m'mapiri kuti tithirire minda. Palibe munthu wanzeru angadandaule nazo zimenezi, pakuti ndi zimene zikulipira fizi ndi kugula malata. Pa tsiku la msika ku Chimbiya, ku Bembeke kapena ku Lizulu, kungodutsa malire a boma la Ntcheu, malole amaima mondondozana kudikira matumba opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma ukalowa mkati mwa msika wa paboma, mabenchi ambiri agwidwa ndi nyama ya soya ya m'mapaketi, mafuta ophikira a m'timachubu, nkhuku zoyera zokula m'masabata owerengeka ndi milu ya kaunjika. Chikwatu uchite kufunsa. Mnyamata wanga wa kabaza amandipititsa kungodya ya msika kumene kumakhala gogo mmodzi, ndipo gogoyo amayamba wandiyang'ana kaye bwinobwino asanatulutse katundu wake pansi pa chiguduli. "Inu bambo, zimenezi mumazidziwira kuti?" Ogula ake ambiri ndi a imvi.

Kachewere wa m'phulusa ndi kachewere wa pachiwaya

Kachewere, amene ena amati mbatatesi, ndiye anatchukitsa Dedza. Kwa amalume tinkamudya m'njira zambiri, koma kukazinga m'mafuta sikunali m'gulumo. M'mamawa ankaphikidwa ndi makoko ake omwe, n'kumwera tiyi kapena thobwa. Masana ankalowa mumphika ndi tomato ndi anyezi, nthawi zina ndi nsinjiro. Madzulo, tikuwotha moto m'khitchini yofuka utsi, tinkamukwirira m'phulusa lamoto, n'kumufukula ndi kamtengo, kumupatsirana m'manja uku tikuuzira, agogo ali pakati pa nthano. Mafuta ophikira anali a pa Khirisimasi. Mafuta a masiku onse anali mtedza wosinja mumtondo.

Pambali pa kachewere panali buye, kambatata kowonda ka kuno ku Africa komwe, kamene anthu a m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu akhala akulima kuyambira kalekale. Sikachuluka pokolola, kusenda kwake n'kotopetsa, koma kukoma kwake n'kwa kokha. Ana ambiri obadwira m'tauni ya Dedza lero sanakaonepo. Mnyamata wanga anachita kukafunsa kwa agogo ake kuti adziwe mudzi umene akulimabe.

Chiwaya nacho ndisachinyoze. Madzulo kukayamba kuzizira, utsi wa nkhuni ukusakanikirana ndi fungo la mafuta, tchipisi chotentha chothira kabichi woduladula, mchere ndi tsabola wa kambuzi, pambali pali nyama ya mbuzi kapena ya nkhumba, n'chakudya chimene chimaimitsa ngakhale munthu wa changu. Anyamata ambiri apeza nacho ntchito, ndipo pachiwaya m'pamene pamamveka nkhani zonse za m'tauni, kuyambira za ndale mpaka za Dedza Dynamos. Vuto lake n'lakuti tchipisi cha ku Dedza sichisiyana ndi cha ku Lunzu, ku Mponela kapena ku Jenda. Kachewereyo ndi wa kuno, koma kaphikidweko n'ka dziko lonse. Mlendo akadya pachiwaya n'kunyamuka, wakhuta, koma za kuno sanalawe.

Kumunda nakonso zinthu zinatembenuka. Kale banja linkadya kaye, zotsala n'kugulitsa. Lero kachewere ndi bizinesi yofuna mpamba. Mbewu zozolowereka monga Rosita ndi Violet zimafuna feteleza ndi mankhwala opopera, apo ayi chiwawu chimatentha munda wonse m'masiku ochepa mvula ikachuluka. Zonsezo zimagulidwa kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlimi anamva kuwawa asanagwire khasu. Ku Bembeke kuli malo a boma ofufuzira za ulimi kumene akatswiri amayesa mbewu zatsopano zopirira matenda, koma mlimi wamba amadalirabe mbewu yosunga yekha kapena yogula kwa mnzake. Pokolola, mavenda amafika pamunda pomwepo ndi matumba awo osokerera pamwamba. Wamkuluwamkulu amakwera lole. Pakhomo pamatsala timing'onoting'ono. Umu ndi mmene zimakhalira kuti mwana wa ku Area 25 adye kachewere wabwino wa ku Dedza kuposa mwana wa amene anamulima.

Ndikayamba kudandaula chonchi, ndimadzikumbutsa kuti kachewereyo naye ndi mlendo. Kwawo ndi kumapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia, ndipo kuno anafika m'nthawi ya amishoni ndi atsamunda, monganso mapichesi. Chimanga, nyemba ndi maungu, zimene timalumbirira kuti n'zamakolo, zinayambira cha ku Mexico n'kuwoloka nyanja ndi zombo za Apwitikizi. Makolo athu enieni ankadalira mapira ndi mawere. Ndiye kuti agogo nawonso analandira zachilendo. Koma iwo akalandira chinthu ankachilowetsa mumphika wawo, kuchitendera, kuchifutsa, kuchipatsa nyengo yake, mpaka chisanduke chathu, ndipo zakale sankazitaya. Ife tikulandira zatsopano ndi manja awiri, n'kugwetsa pansi zimene tinanyamula.

Phiri linali munda wachiwiri

M'dzinja, agogo aakazi ankatidzutsa kusanache kuti tipite ku bowa. Tinkalowa m'nkhalango mame akunyowetsa miyendo, iwo patsogolo ndi dengu ndi kandodo kofukulira masamba. Ankatchula mtundu uliwonse ndi dzina lake: utale, manyame, chipindi, ndelema. Ukazula wachilendo ankakumenya padzanja. "Taya uko, mwanawe! Ukufuna utimalize tonse?" Akulu anati safunsa anadya phula, koma pa bowa wosafunsa amadya imfa. Pobwerera tinkatola masuku akugwa okha, ndipo bowa wotsala pa ndiwo za tsikulo ankafutsidwa n'kuyanikidwa padenga kuti adzadyedwe m'chilimwe.

Nkhalango za Dedza ndi Chongoni zinakhazikitsidwa kukhala zotetezedwa m'zaka za m'ma 1920, ndipo mbali ina ya phiri anadzalamo paini. M'tauni munali fakitale yocheka matabwa ya WICO, ndipo fungo la utuchi linali mbali ya mpweya wa kuno. Ku Chongoni kuli sukulu yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire, imene yatulutsa alangizi ogwira ntchito m'dziko lonse. Alonda a nkhalango ankaopedwa. Mayi wotola nkhuni ankadziwa kuti zouma n'zololedwa, koma nkhwangwa pa mtengo wauwisi ndi mlandu.

Lero kukwera phiri n'kosavuta. Pali msewu wokafika kunsanja za mawailesi ndi mafoni, ndipo achinyamata a m'tauni amaperekeza alendo pamtengo wogwirizana. Pamwamba umaona mapiri a Chongoni, zigwa za Angonia ku Mozambique, ndipo kukayera bwino nyanja imaonekera patali. Umaonanso mabala a phirilo: malo ometedwa mpala, zitsa zakuda ndi moto wolusa, ndi utsi wa mauvuni a makala. Bowa wa kutchire sadzalidwa. Wambiri amamera pamizu ya misuku, miombo ndi tsamba, ndipo mitengoyo ikapita naye amapita. Amayi amene amagulitsa bowa m'mbali mwa msewu masiku ano amayenda mtunda wautali kuposa umene agogo ankayenda. Sindingaloze chala wootcha makala ndili chikhalire, poti makalawo amakathera pa mbaula zathu za mumzinda. Chotonthoza n'chakuti pali midzi ndi magulu a achinyamata amene ayamba kudzalanso mitengo ndi kulondera mphukira. Msuku umachedwa kubala, koma wodzala lero akusungira adzukulu ndiwo.

Ku Chongoni ndiko ntchito yolondolera alendo yakhazikika kwenikweni. M'mapanga ndi pansi pa matanthwe a kumeneko muli malo 127 a zojambula zakalekale, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ife tili ana, mapangawo anali pobisalira mvula abusa a mbuzi, ndipo ukafunsa za zojambulazo akuluakulu ankangoti, "Ukadzakula udzadziwa." Lero ku Mphunzi, ku Namzeze kapena ku Chentcherere wolondolera amakufotokozera mwadongosolo kuti zofiira anajambula ndi Akafula, alenje amene ankakhala kuno Achewa asanachuluke, ndipo zoyera n'za Achewa, zokhudza nyau ndi chinamwali. Koma ukamufunsitsa amamwetulira n'kusintha nkhani. Za kudambwe ndi za kutsimba sizigulitsidwa, ndipo mwana wa pompano amadziwa polekezera.

Malire odutsa pakati pa abale

Kuchokera paboma, chipata cha Dedza cholowera ku Calomue, ku Mozambique, chili pafupi kwambiri. Kulowera ku Ntcheu, msewu wa M1 m'malo ambiri ndiwo malire enieniwo: dzanja ili Malawi, dzanja ilo Mozambique. Anthu a mbali zonse ndi amodzi, Achewa ndi Angoni olankhula chinenero chimodzi, okwatirana ndi oikana maliro. Msuweni wanga ankandiwolotsa msewu kukagula pau, buledi wa Chipwitikizi wolimba kunja koma wofewa mkati, ndipo panalibe wotifunsa chiphaso.

Kenaka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inakula. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu anakhamukira kuno ndi mitolo pamutu, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 Malawi ankasunga othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo m'maboma a m'malire monga Dedza ndi Ntcheu. Masitolo a tsidya lija anasanduka mabwinja obooka ndi zipolopolo. M'midzi yambiri othawawo sanaikidwe mumpanda. Anapatsidwa malo pakati pa abale awo, n'kumasinthanitsa ufa, nyemba ndi mafuta achithandizo ndi ndiwo zamasamba ndi nkhuni. Nkhalango inalipira nawo mtengo wa zaka zimenezo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo, koma maukwati ndi maubwenzi anatsala.

Lero malirewo ndi msika. Malole aatali opita ku Tete ndi ku Beira amadikira pachipata, ndipo pozungulira pake pamera malo odyera, ogona ndi osinthira ndalama. Kachewere, nyemba ndi chimanga cha ku Angonia zimalowa kuno pa njinga zamoto, moti thumba lina limene wa ku Blantyre amaliyamikira kuti n'la ku Dedza linakumbidwa cha ku Ulongwe wa ku Mozambique. Panali zaka zimene zakumwa za Frozy zinadzaza mabenchi onse. Pau akupezekabe. Ameneyo yekha nkhondo ndi mitengo ya zinthu sizinamusinthe kakomedwe.

Midzi imene tauni inameza

Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 6,000 m'tauni ya Dedza. Wa 2018 anapeza opitirira 30,000. Kale tauni inali kamzere kamodzi: maofesi a DC, polisi, chipatala, positi ofesi, msika, ndi nyumba zanjerwa za ogwira ntchito m'boma zokhala ndi chumuni chotulutsira utsi wa moto wowotha. Ukangodutsa pamenepo unali m'minda. Katsekaminga ndi Kapalamula inali midzi ya nkhokwe ndi makola. Ku Airfield kunali bwalo la udzu loterapo ndege zing'onozing'ono. Tsopano konseko ndi nyumba za malata, mipanda ya njerwa, timashopu, matchalitchi ndi mizikiti. Amene amachita lendi kumeneko alibe munda. Chakudya chawo chonse n'chogula, ndipo wogula tsiku ndi tsiku amasankha chofulumira kupsa, poti makala nawo ndi ndalama. Nyemba zofuna maola atatu pamoto zimagonja kwa soya wa mphindi khumi. Si ulesi ayi, ndi masamu.

Chapafupi pali sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene aliyense amangoti Box 48. Inatsegulidwa mu 1951, ndipo mwa amene anaphunzirapo muli atsogoleri awiri a dziko lino, Bingu wa Mutharika ndi Peter Mutharika. Funsani aliyense amene anadutsa pamenepo chimene amakumbukira. Asanatchule mphunzitsi aliyense, atchula chisanu cha m'mamawa, nsima ndi nyemba, ndi amayi a m'midzi yoyandikana amene ankabwera ndi zitumbuwa, chigumu ndi mapichesi.

Malo amene alendo akunja amawadziwa kwambiri ndi Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987. Kumeneko amaumba makapu, mbale ndi matailosi opakidwa zithunzi za kuno kwathu, ndipo anthu amachoka ku Lilongwe kudzamwa khofi ndi keke ya tchizi pakapinga. Ndi ntchito yabwino, yalemba anthu ambiri, ndipo yaonetsa kuti dothi la kuno likhoza kufika patali. Koma kuumba sikunayambe mu 1987. M'mudzi uliwonse munali mayi wodziwa kokumba dothi la mtapo, woumba nkhali, miphika ndi mitsuko n'kuziwotcha ndi makungwa. Nyemba zophikidwa mumphika wotero, pamoto wa nkhuni wosafulumira, zimakhala ndi msuzi wolemera umene poto wachitsulo satulutsa. Kwa agogo a mnyamata wanga wa kabaza mphika wotero ulipo umodzi, wakuda bii, ndipo amene anauumba anamwalira osasiya womulowa m'malo.

Zimene sindizilira, ndi zimene ndikupempha

Kale silinali lokoma lokhalokha. Sindilira njala ya Febuluwale, pamene ana ankagonera maungu osakhwima. Sindilira achinyamata a chipani amene ankaima pakhomo la msika kufuna khadi mayi asanagulitse tomato wake, mchitidwe umene unatha ndi riferendamu ya 1993. Sindilira mitondo imene inkadzutsa atsikana tambala asanalire, kapena odwala onyamulidwa pamachira usiku wachisanu. Njinga yamoto imene ikundiyendetsa ine pofuna nyemba ndi yomweyo imene imathamangitsa mayi wapakati kuchipatala. Wofuna kubweza zonse za kale ayambe wasenza yekha mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chochepa koma n'chenicheni. Msuweni wanga ankadziwa zonse yekha, chifukwa anakulira m'munda, m'nkhalango ndi m'khitchini. Wondiyendetsa wa lero amadziwa njira zonse ndi manambala a foni a anthu onse, koma za chakudya amakabwereka kwa agogo ake. Iye ndi mlatho wopita kwa odziwa, ndipo odziwawo akutha mmodzimmodzi. Komabe ndaona chinthu chondilimbitsa mtima. Ataona kuti pali munthu wolipira kuti akadye mfutso, anayamba kufunsa agogo akewo mayina a bowa ndi kafutsidwe ka khwanya, n'kumasunga pafoni. "Madala, kani zimenezi ndi dilu?" Inde ndi dilu, mwana wanga, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. M'mizinda yambiri ya kunja, achinyamata amapeza ndalama poyendetsa alendo m'misika ndi m'makhitchini a kwawo. Dedza ali nazo zonse zofunika: phiri, mapanga, malire, misika ndi amayi odziwa kuphika.

Akulu anati pita uko si kuyenda, kuyenda n'tiye kuno. Foni ikhoza kukulozera malo odyera, koma singakufikitse pakhomo pa munthu n'kukuuza kuti apa odi kaye. Choncho inu amene muli ndi kwanu kuno, ndi inu amene mumangodutsa, pezani mwana wa pompano, mulipireni bwino, ndipo musamuuze kuti mukufuna chakudya basi. Tchulani dzina: chikwatu, utale, futali, thobwa la mawere, nyemba za mumphika. Kwa gogo wa kungodya ya msika musanenerere mtengo mpaka kumuliza. Mlimi amadzala chimene chikufunsidwa pamsika, ndipo buye adzalowa m'mizere chaka chamawa ngati chaka chino wina wamufunsa n'kumugula.